Khonde la kunyanja likufunika sefa, osati magalasi

Nyumba zatsopano zimene zikumangidwa ku Salima, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay zayamba kufanana pa chinthu chimodzi: khonde likutha. Mwininyumba akangopeza kangachepe, amaitana anyamata a aluminiyamu, ayeza kuchokera pa chipilala ichi kukafika pa icho, pomatha sabata khonde lonse lavala magalasi, kawirikawiri akuda aja kapena abuluu ooneka ngati kalirole. Pa zithunzi za pa Facebook zimakongola zedi, ndipo anthu amayamikira kuti bwana afika. Ena ayamba kuchitchula chipindachi kuti sunroom, dzina lomwe tabwereka pamodzi ndi chinthu chake. Ine ndikuti kumalo otentha ndi achinyezi ngati kunyanja, uku ndi kutaya ndalama komanso kupha malo okoma kuposa ena onse panyumba. Khonde la kumeneko likufunikadi kutsekedwa, koma ndi sefa, waya wa timabowo ting'onoting'ono uja timaika m'mawindo.

Ndikudziwa kuti ambiri amene muwerenge izi mulibe ngakhale puloti. Nanenso ndilibe. Koma zaka khumi zikubwerazi ndi ifeyo amene tidzakhale tikukangana ndi amisiri za pulani, ndipo maganizo a mmene nyumba yabwino imaonekera tikuwatola panopa, pafoni, kuchokera kumaiko amene nyengo yawo si yathu.

Chipinda chagalasi chili ndi kwawo. Anthu olemera a ku Ulaya ankafuna kudzala malalanje ndi zomera zina za kumaiko otentha, koma chisanu chinkawaphera. Ndiye anayamba kumanga zipinda za mawindo akuluakulu zoti zizikola kadzuwa kochepa komwe amakaona. Ku Britain galasi linali ndi msonkho wake mpaka 1845, ndipo msonkhowo utachotsedwa, nyumba zagalasi zinachuluka. Palm House ya ku Kew, mumzinda wa London, inatha kumangidwa mu 1848. Crystal Palace ya mu 1851 anaikonza Joseph Paxton, munthu amene ntchito yake yeniyeni inali yosamala minda ya maluwa. Cholinga cha nyumba ngati ya ku Kew chinali chimodzi: kupanga mkati mwake kutentha ndi chinyezi zoti mgwalangwa uziyesa uli kwawo. Kunena mosazungulira, Angerezi ankawononga chuma kuti apange nyengo ya ku Nkhata Bay m'kati mwa London.

Mbiri yathu yomwe ikukhudzidwa ndi nkhaniyi. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamala minda, anabweretsa mbande za khofi ku Mishoni ya Blantyre kuchokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh. Ku Scotland khofi sangakhale pabwalo, amafuna galasi. Mbande imene inapulumuka pa ulendowo itafika ku Blantyre inangodzalidwa panja, n'kukula, n'kubereka. Galasi ntchito yake inali itathera pa doko. Ndiye zimandidabwitsa kuti patapita zaka zoposa 140, ifeyo tikuitanitsa galasi lomwelo kuti tidzitsekeremo tokha, m'dziko lomwe khofi uja anapezamo ufulu.

Mmene galasi limagwirira ntchito aliyense amene anakhalapo m'minibasi yodikira kudzaza mwezi wa Okutobala akudziwa. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa pagalasi mosavuta, kukafika pa simenti, pamipando ndi pakhoma, zinthuzi zimatentha n'kuyamba kutenthetsa mpweya. Mpweya wotenthawo ulibe kothawira chifukwa galasi latseka. Ku Edinburgh imeneyo ndi mphatso. Ku Mangochi ndi chilango.

Koma vuto lalikulu kunyanja si kutentha kokha. Thupi la munthu limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo thukutalo limaziziritsa pokhapokha likamauma. Mpweya ukakhala kuti wadzaza kale chinyezi, monga zimakhalira Januwale ndi Febuluwale m'mbali mwa nyanja, thukuta siliuma msanga, limangoyenderera, malaya n'kumamatira pamsana. Chimene chimathandiza pamenepo ndi mphepo yodutsa pakhungu, chifukwa imachotsa mpweya wonyowa uja n'kubweretsa wina. N'chifukwa chake munthu wa ku Nkhotakota amatha kukhala bwinobwino pansi pa mtengo wa mango masana, koma osapirira mphindi khumi m'chipinda chotseka ngakhale muli mthunzi. M'dera lachinyezi, mphepo ndiyo chuma cha nyumba. Galasi limatchinga chuma chimenechi n'kulowetsa dzuwa lomwe tili nalo kale lochuluka.

Zotsatira zake zimayenda motsatana ndipo n'zoseketsa ukamaziona patali. Choyamba mwininyumba amagula makatani ochindikala kuti atchinge dzuwa m'chipinda chomwe anachimangira dzuwa. Kenaka amagula fani. Fani ikalephera, chifukwa ikungozunguza mpweya wotentha womwewo, amayamba kufunsa mtengo wa makina oziziritsa m'nyumba. Apa ndiye kuti chipinda chija chayamba kudya ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo moyo wake wadalira magetsi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chipinda chimene sichikhalika magetsi akazima si chipinda cha m'Malawi. Onjezani kuti galasi ndi aluminiyamu timaitanitsa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zotere inakwera nayo. Nyengo ya mvula ikafika, m'mawa pagalasi pamachita madontho, makatani aja amayamba fungo, mipando yansalu n'kuchita chuku. Chikomekome cha mkuyu.

Makolo athu anali atayankha kale funso la kutentha. Nyumba ya kumudzi ya denga laudzu lotulukira kunja, lokhala pa nsanamira, imachita zinthu zitatu nthawi imodzi: imateteza khoma ladothi ku mvula, imaletsa dzuwa kufika pakhoma, ndipo imapereka mthunzi wodutsa mphepo. Azungu atabwera anachita chimodzimodzi. Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ili ndi makonde aakulu, ndipo nyumba zakale za boma ku Zomba n'chimodzimodzi. Iwowo nzeruyi sanaitenge kwawo, anaiphunzira kumaiko otentha. Ngakhale mawu awo akuti veranda anawatola ku India. Kuno anapeza ife tili ndi dzina lathulathu, mpaka lero Amalawi polankhula Chingerezi amangoti khonde.

Ndikadathera pamenepa bwenzi ndikungoti siyani khonde momwe lilili. Koma khonde lapululu lili ndi mdani, ndipo mdaniyo wapha anthu ambiri kuposa kutentha. Amishoni a Livingstonia anakhazikika ku Cape Maclear mu 1875. Malungo anawasautsa, manda awo alipobe mpaka lero, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Kumenekonso sizinawayendere, mpaka mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe. Ankathawa chinthu chomwe sankachidziwa, chifukwa Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897, iwo atasamuka kale kawiri. Nkhaniyi itangodziwika, anthu sanachedwe kuganiza za sefa. Ku Italy, Angelo Celli anaika sefa m'nyumba za ogwira ntchito panjanji cha m'ma 1899 ndi 1900, ndipo malungo anachepa kwambiri pakati pa mabanja okhala m'nyumbazo poyerekeza ndi anzawo. Pokumba ngalande ya Panama, kuyambira 1904, sefa inali chimodzi mwa zida za William Gorgas polimbana ndi udzudzu. Kunena kuti sefa ndi nzeru yakale, yoyesedwa, yakhalapo zaka zoposa 120.

Lero tikamakamba za malungo timakamba za neti, mankhwala opopera m'nyumba, ndi katemera, amene dziko la Malawi linali loyamba kumuyamba mu Epulo 2019. Zonsezi n'zofunika ndipo sindikuzinyoza. Koma neti imateteza munthu amene wagona. Nanga kuyambira dzuwa litalowa kufika nthawi yogona, Mmalawi wa kunyanja amakhala kuti? Sakhala m'nyumba, chifukwa malata amakhala akutulutsabe moto wa tsiku lonse. Amakhala pakhonde. Ndi pomwe amayi akupeta, ana akulemba ntchito ya kusukulu, abambo akumvera mpira pa wailesi, ife tikuwerenga manotsi pafoni uku tikudziwomba m'miyendo. N'zoona kuti udzudzu wa Anopheles umaluma kwambiri usiku ukakula, koma sudikira kuti aliyense alowe kaye m'neti. Ofufuza m'maiko angapo a mu Africa apeza kuti gawo lina la kulumidwa limachitika anthu asanagone kapena ali panja. Maola amenewa alibe mlonda. Khonde lasefa ndi neti yaikulu yomwe banja lonse limalowamo likadali maso, mphepo n'kumadutsabe.

Umboni ulipo, ngakhale si wonse wokomera mbali yanga. Ku Gambia kunachitika kafukufuku amene anafalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2009. M'nyumba zoikidwa sefa, udzudzu wolowa unachepa pafupifupi ndi theka, ndipo ana operewera magazi anali ochepa poyerekeza ndi a m'nyumba zopanda sefa. Komabe chiwerengero cha ana opezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi sichinasiyane kwenikweni. Kuno kwathu, m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete ku Chikwawa, pakati pa 2016 ndi 2018 anayesa kutseka mipata ya pansi pa denga ndi kuika sefa m'mawindo, ntchito ikugwiridwa ndi eni mudzi. Ofufuzawo sanapeze umboni woti izi zinachepetsa malungo kuposa mmene maneti ndi mankhwala zinkachitira kale. Bungwe la WHO mu 2021 linavomereza sefa ngati njira yothandizira, koma mosamala, osati ngati yolowa m'malo mwa neti. Mmene ndikuonera ine, phunziro lake ndi lakuti sefa si mankhwala oti ukamwa wathana nazo. Ndi gawo la nyumba, ngati denga, ndipo denga loboola limadontha ngakhale malata ake akhale okwera mtengo. Koma taonani mbali inayo: palibe amene anganene kuti chipinda chagalasi chimachita bwino kuposa apa. Madzulo mukatentha, magalasi aja amatsegulidwa, ndipo ambiri alibe sefa kumbuyo kwake. Udzudzu umalowa, magalasi n'kutsekedwa pogona, iwo uli mkati.

Anthu ena amene amakhala m'nyengo yofanana ndi ya kunyanja kwathu, ndipo ndalama ali nazo zoti akadatha kugula galasi lililonse, ndi a ku Florida ku America. Kumeneko n'kotentha, kwachinyezi, kwa udzudzu. Chodziwika panyumba zawo zambiri ndi khonde lasefa, ndipo ena amaphimba ndi sefa ngakhale dziwe losambira lonse. Zipinda zagalasi ziliko, koma amene wamanga amadziwiratu kuti afunika galasi lapadera lochepetsa kutentha komanso makina oziziritsa. Chimene chandisangalatsa n'chakuti iwo sefa amaisankha mofatsa. Yodziwika kwambiri ili ndi timawaya 18 mbali imodzi ndi 14 mbali inayo pa inchi iliyonse, koma a m'mphepete mwa nyanja amakonda ya 20 ndi 20 chifukwa cha tizilombo tina toluma, tating'ono kwambiri, timene timadutsa pa sefa wamba. Wa ku Nkhata Bay kapena ku Likoma akumva kale zomwe ndikunena: tsiku limene nkhungu zatuluka m'nyanja ngati utsi n'kulunjika pa nyali ya pakhonde, sefa ya mabowo aakulu imangokhala chokongoletsera. Koma sefa ikakhala yothinana, mphepo yodutsa imachepanso. Palibe yaulere. Chomwe chingabweze mphepo yotayikayo ndi kukulitsa malo a sefa, kuchokera cha m'mawondo kufika kudenga, mbali ziwiri kapena zitatu, osati kawindo kamodzi.

Ndamvapo zifukwa zimene anthu amaikira galasi, ndipo zina ndi zomveka. Choyamba ndi akuba. Khonde lapululu sungasiyepo njinga kapena mipando usiku, ndipo sefa mwana aliyense atha kuing'amba ndi lezala. Izi n'zoona. Koma chimene chimaletsa wakuba ndi zitsulo, osati galasi, ndipo amene aika magalasi amaikanso zitsulo zomwezo. Zitsulo ndi sefa zimakhalira limodzi bwinobwino. Chachiwiri ndi fumbi, makamaka nyumba ikakhala m'mbali mwa msewu wadothi. Apa galasi lapambana, sefa imagwira fumbi lochepa chabe ndipo imafuna kutsukidwa. Chachitatu sachinena mokweza: khonde lotsekedwa ndi chipinda china chochititsa lendi. Ophunzira amene timakhala kunja kwa sukulu tikuzidziwa zipinda zotere, za khoma la njerwa kufika m'chiuno, pamwamba pake magalasi, bedi litapanikizidwa pomwe kale panali mpando wa ndalema. Masana simuwerengeka, usiku simugoneka mpaka cha m'ma 11 koloko, koma lendi yake ndi ya chipinda chenicheni. Amene amasankha galasi pamenepo si amene adzagonemo.

Ndipo si Malawi yense amene ali kunyanja. Ku Dedza, ku Mzuzu, pamwamba pa phiri la Zomba, ku Nyika, kapena ku Thyolo chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye, kachipinda kagalasi kali ndi nzeru yake. Popeza tili kummwera kwa equator, miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, kotero chipinda choyang'ana kumpoto, chokhala ndi denga lotulukira pang'ono, chimalandira dzuwa mu Juni n'kukhala pamthunzi mu Disembala dzuwa likamadutsa pamutu. Agogo a ku Dedza atha kuothera dzuwa mmenemo mphepo isakuwapeza. Chimene ndikutsutsa ndi kutenga pulani ya ku Dedza, kapena ya ku Manchester, n'kukaiika ku Senga Bay, poyang'ana kumadzulo kumene dzuwa la masana limalowa chopingasa pansi pa denga lililonse.

Pali china chimene galasi limachotsa chomwe sichiyezeka ndi chipangizo choyezera kutentha, ndipo mwina chifukwa cha maphunziro anga ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Khonde ndi malo a pakati. Si m'nyumba, komanso si panja. Mlendo akafika amaima pabwalo n'kunena kuti odi, wa pakhonde n'kuyankha, mpando n'kutuluka. Munthu amene simukumudziwa bwino mumatha kumulandira mwaulemu wonse popanda kumulowetsa m'kati mwa moyo wanu. Wogulitsa usipa, mnansi wodzabwereka khasu, wodzanena uthenga wa maliro, mnyamata amene wayamba kuzungulirazungulira chifukwa cha achemwali anu, onsewa malo awo ndi pakhonde. Wodutsa mumsewu amapereka moni chifukwa wakuonani, inunso mumadziwa amene wadwala chifukwa lero sanadutse. Galasi lakuda lija limathetsa zonsezi. Wa mkati amaona kunja, wakunja amangodziona yekha. Mawu a odi samveka, ndiye pamafunika kugogoda, ndipo wogogoda amayenera kukhala ndi chifukwa. Khonde limasanduka balaza lachiwiri, panyumba pomwe balaza loyamba anthu sakhalamo kale. Sefa siichita zimenezi. Mawu amadutsa, nkhope imaoneka, fungo la ndiwo za aneba limafika. Ena anena kuti chimenecho ndiye akuthawa, ndipo ndi ufulu wawo, koma adziwe kuti akugula kudzipatula, asamati akugula mpweya wabwino.

Sefa nayo ili ndi ntchito yake, tisanamizane. Ya chitsulo wamba imachita dzimbiri msanga kumalo achinyezi, ikayamba kufiira imangothetheka ukaikhudza. Ya aluminiyamu kapena ya ulusi wokutidwa ndi pulasitiki imapirira chinyezi, ngakhale ya ulusiyo imang'ambika msanga ndi zikhadabo za mphaka ndi zala za ana. Mafulemu athabwa amafuna kutetezedwa ku chiswe ndiponso asagunde pansi pomwe pamaima madzi. Denga la khonde liyenera kutulukira mokwanira kuti mvula yamphepo isamalowe, ndipo mbali ya kumadzulo imafuna mtengo wamthunzi kuposa china chilichonse chogula m'sitolo. Mbaula isalowe m'khonde lotsekedwa mbali zonse popanda potulukira utsi, pakuti kuthawa malungo n'kudzipatsa chifuwa si kupambana. Ndiye pali mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Udzudzu wa malungo ukafika pakhoma umakwera m'mwamba kutsata fungo la anthu, ndipo khomo lake lalikulu ndi mpata umenewu. Munthu atha kuika sefa yokongola khonde lonse, koma akasiya pamenepo pali pululu, wangotseka windo n'kusiya chitseko. Mpatawo utsekedwe ndi sefa, osati njerwa zokha, kuti mpweya wotentha wa pansi pa malata uzitulukabe.

Chinthu chotsika mtengo kuposa zonse ndicho chimagwetsa makonde ambiri asefa: chitseko. Chizitsegukira kunja, kuti udzudzu umene watera pa icho uzikankhidwira panja munthu akamatsegula. Chikhale ndi sipuling'i, kapena lamba wa chubu cha njinga ngati sipuling'i yasowa, kuti chizidzitseka chokha, chifukwa panyumba ya ana asanu palibe amene adzakumbukire kutseka. Pansi pake pasatsale mpata wolowa chala. Ndipo chaka chilichonse cha mu Okutobala, mvula isanayambe, munthu mmodzi azizungulira khonde lonse masana ali mkati, kuyang'ana pamene kuwala kukulowa mosiyana ndi pena, singano ndi kachidutswa ka sefa zili m'manja.